Zithunzi za mayina ofanana: mafunso ndi mayankho kwa osunga zithunzi za m'kamera

Tsiku lina ndinkasamutsa zithunzi kuchokera pa khadi la kamera kupita mu foda imene ndinkaunjikamo zonse. Kompyuta inandiuza kuti mufodamo muli kale mafayilo a mayina omwewo, n'kundifunsa chochita. Poganiza kuti ndi zomwe ndinakopera dzulo lake, ndinadina Replace. Patapita miyezi ndinafuna chithunzi cha agogo anga, chimene ndinawajambula akuseka, dzanja lili pachibwano, chaka chomaliza cha moyo wawo. Ndinkadziwa kuti ndi IMG_0417.JPG. Nditatsegula ndinapezamo chithunzi cha tayala la galimoto. Khadi lakale ndinali nditalifomata kalekale, ndipo chithunzicho sindinachionenso.

Kuyambira pamenepo nkhani ya mayina a mafayilo ndimaitenga ngati yaikulu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa kawirikawiri, ndiponso amene ndinadzifunsa ndekha.

N'chifukwa chiyani kamera imabwereza mayina? Kodi yawonongeka?

Ayi, siinawonongeke. Pafupifupi makamera onse amatsatira lamulo lotchedwa DCF, limene bungwe la makampani a zamagetsi la ku Japan, JEIDA, linakhazikitsa mu 1998 kuti khadi lochokera mu kamera ina lizitha kuwerengedwa ndi makina ena. Lamuloli ndi limene linabweretsa foda ya DCIM imene mumaiona pa khadi lililonse. M'kati mwake mumakhala mafoda oyamba ndi nambala ya pakati pa 100 ndi 999, monga 100CANON, 100MSDCF kapena 100APPLE. Dzina la chithunzi limakhala ndi zilembo zinayi kenako manambala anayi, kuyambira 0001 kulekeza 9999. Malo ndi asanu ndi atatu basi, kutengera mayina afupiafupi a pa makompyuta akale a DOS.

N'chifukwa chake Canon ndi iPhone zimalemba IMG_0001, Nikon DSC_0001, Fujifilm DSCF0001, Sony DSC00001. Ya Sony imaoneka ngati ili ndi manambala asanu, koma ziro woyambayo ndi mbali ya zilembo zinayi zija. Kamera ikafika pa 9999 ilibe kopita. Imatsegula foda yatsopano n'kuyambiranso pa 0001. Pa khadi palibe vuto, poti mafayilo awiriwo ali m'mafoda osiyana. Vuto limayamba inu mukawatulutsa n'kuwaika pamodzi.

Koma 9999 si zambiri? Ndingafike liti pamenepo?

Msanga kuposa mmene mukuganizira. Mukamajambula zithunzi 200 pa sabata, nambala imazungulira chaka chisanathe. Kamera yojambula zithunzi 10 pa sekondi ikanati isaime, ikanamaliza manambala onse m'mphindi zosakwana 17. Ojambula masewera kapena mbalame zouluka amaizungulitsa kangapo pa chaka.

Yanga sinafike n'komwe pa 9999, koma mayina abwereza. Zatheka bwanji?

Yambani mwaona mu menyu ya kamera, pamene pali za manambala a mafayilo. Pa Canon pali Continuous ndi Auto reset. Pa Nikon pali File number sequence, yomwe imakhala On kapena Off. Pa Sony pali Series ndi Reset. Ikakhala pa Auto reset, Off kapena Reset, kamera imayambiranso pa 0001 mukaika khadi lopanda kanthu kapena mukalifomata. Munthu wofomata khadi sabata iliyonse amakhala ndi mafayilo a 0001 okwana makumi asanu pa chaka. Sankhani Continuous, On kapena Series lero lomwe. Sizithetsa vuto lonse, koma zimalichepetsa kwambiri.

Chifukwa chachiwiri ndi makamera awiri. Canon yanu ndi iPhone ya mnzanu zonse zimatulutsa IMG_, ndiye mukasonkhanitsa zithunzi za tsiku limodzi mayina amagundana. Mukagula kamera yatsopano ya mtundu womwewo, nayonso imayambira pa 0001, pomwe yakale inadutsa kale.

Chachitatu ambiri sachidziwa. Mukaika khadi lomwe lili ndi zithunzi zakale, makamera ena amapitiriza kuchokera pa nambala yaikulu imene aipeza pakhadipo. Kamera yomwe inali pa 1200 ikhoza kulumphira pa 8700 chifukwa cha khadi lobwereka, n'kufika pa 9999 nthawi isanakwane.

Chimachitika n'chiyani mafayilo awiri a dzina limodzi akakumana?

Foda imodzi pa kompyuta singasunge mafayilo awiri a dzina limodzi, choncho imakufunsani. Mukasankha Replace, yatsopano imakhala pamalo pa yakale, ndipo yakaleyo sipita mu Recycle Bin ngati mmene zimakhalira mukafufuta. Imangosowa. Madzi akatayika saoleka. Mukasankha Skip, yatsopano sikoperedwa, ndipo mukadzafomata khadi poganiza kuti zonse zalowa, yataika ndi imeneyo. Njira yokhayo yosataya kanthu ndi kusunga onse awiri. Windows imawonjezera (2) kumapeto kwa dzina, Mac imawonjezera 2.

Ogwiritsa ntchito Mac asamale kwambiri ndi mafoda. Mukakokera foda ya 100CANON pamalo pomwe pali kale 100CANON ina n'kudina Replace, Finder, pulogalamu ya mafayilo ya pa Mac, imachotsa foda yakale yonse ndi zonse zili m'katimo, ngakhale mafayilo omwe mayina awo sanafanane ndi atsopano.

Google Drive ili ndi khalidwe lina. Imatha kusunga mafayilo a dzina limodzi mu foda imodzi, ndiye vutolo limabisala mpaka tsiku limene mudzawatsitse pa kompyuta.

Ndinadina kale Replace. Pali chiyembekezo?

Chilipo ngati chithunzicho chili kwinanso. Onani pa khadi lakale, pa disiki yosungirako zapadera, kapena m'malo a pa intaneti monga Dropbox ndi OneDrive, amene amasunga fayilo yakale kwa kanthawi ikalowedwa m'malo. Ngati khadi munalifomata koma simunajambulirepo zambiri, lichotseni mu kamera pompano. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imatha kutola zithunzi zomwe sizinalembedwe pamwamba, ngakhale imazibweza ndi mayina ake atsopano.

Bwanji ndingoika zithunzi za tsiku lililonse mu foda yake? Sizokwanira?

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. Mafoda a masiku ndi abwino, ine ndimawagwiritsa ntchito. Koma foda imateteza chithunzi chikakhala m'kati mokha, ndipo zithunzi sizikhala malo amodzi. Mudzafuna kusankha makumi awiri zabwino za zaka zisanu kuti mukazisindikize. Mudzatumiza zina kwa mbale wanu, iye n'kuziika pamodzi ndi zake. Wina adzakulemberani kuti, "Ndikufuna DSC_0042 ija, yaikulu," inu n'kufufuza pa kompyuta n'kupeza ma DSC_0042 asanu ndi awiri. Disiki ikadzayamba kuvuta, mafayilo mungawapulumutse koma mafoda osabwerera.

Choncho dzina la chithunzi liyenera kudziimira palokha. Likhale loti ngakhale mutakhuthulira zithunzi zanu zonse mu foda imodzi, palibe ziwiri zimene zingagundane. Foda ikhale yongokuthandizani kupeza zinthu msanga, osati mpanda woletsa ngozi.

Ndiye dzina labwino ndi lotani?

Langa limaoneka chonchi: 20240315_142530_A_0417.JPG

Mbali yoyamba ndi tsiku, 15 Malichi 2024, kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Ndondomeko imeneyi ndi ya muyezo wa ISO 8601, ndipo ubwino wake ndi woti kompyuta ikasanja mayina motsatira zilembo, zithunzi zimangodzisanja motsatira nthawi. Mukayamba ndi tsiku zimasokonekera: 01-02-2024 imabwera patsogolo pa 20-12-2023, chonsecho inajambulidwa pambuyo. Musaiwale ziro. Malichi ndi 03, osati 3, apo ayi mwezi wa 10 udzakhala pamwamba pa mwezi wa 3.

Mbali yachiwiri ndi nthawi, 14:25:30, pa wotchi ya maola 24 kuti 2 koloko ya masana isafanane ndi ya usiku.

Chilembo A chikuimira kamera. Yachiwiri ndi B, foni ndi F. Ngati mumajambula ndi anzanu, ikani zilembo ziwiri za dzina la wojambula.

Manambala anayi omaliza ndi aja kamera inapereka. Anthu ambiri amawataya, koma ine ndimawasunga pa zifukwa ziwiri. Amasiyanitsa zithunzi zojambulidwa sekondi imodzi, komanso amandithandiza kubwerera ku khadi. Ndikaona 0416 ndi 0418 popanda 0417, ndimadziwa kuti china chatsala kapena ndinachifufuta.

Kuti mayina awiri otere afanane, pangafunike kamera imodzi kujambula zithunzi ziwiri za nambala imodzi m'sekondi imodzi. Wotchi ikakhala yolondola, zimenezo sizichitika.

Bwanji osalemba zimene zili pachithunzi, monga "ana kunyanja"?

Mukhoza kuwonjezera kumapeto, koma mawu okha sateteza. Ana adzapitanso kunyanja chaka chamawa, ndipo mudzakhala ndi "ana kunyanja 1" awiri. Ine mawu ofotokoza ndimawaika pa dzina la foda, monga 2024-03-15_ana_kunyanja, ndi m'mawu ofufuzira amene mapulogalamu a zithunzi amalemba m'kati mwa fayilo. Mawu amenewo ndingawasinthe mawa ndikaona kuti ndinalakwitsa, dzina la fayilo osakhudzidwa.

Tsiku ndi nthawi ndizitenge kuti? Kompyuta ikuonetsa masiku angapo.

Tengani zimene kamera inalemba m'kati mwa chithunzi. Chithunzi chilichonse chimanyamula uthenga wobisika wotchedwa Exif, momwe muli mtundu wa kamera, mmene inatcheredwera, ndi nthawi yeniyeni yojambulira, pa mzere wa DateTimeOriginal. Pa Windows imaoneka ngati Date taken. Nthawi imeneyi imayenda ndi fayilo kulikonse.

Masiku enawo ndi a kompyuta, ndipo ndi osadalirika. Date created imasintha mukakopera fayilo kwina, Date modified imasintha mukachikonza chithunzicho. Mukapanga mayina kuchokera pa amenewa, zithunzi za zaka zitatu zikhoza kutenga tsiku limodzi, lija munagula kompyuta yatsopano.

Nanga wotchi ya kamera ikakhala yolakwika?

Konzani nthawi kaye, mayina pambuyo. Kamera ikakhala nthawi yaitali yopanda batire, kabatire kam'kati kosunga wotchi kamatha, ndipo imabwerera ku tsiku lakale la kufakitale. Mukapita ku dziko la nthawi ina n'kuiwala kusintha, maola amaphonya. Makamera akale salemba n'komwe kuti nthawiyo ndi ya dera liti, chifukwa malo olembapo zimenezo anawonjezedwa mu Exif 2.31 mu 2016.

Pali kachizolowezi kamene kandipulumutsa kangapo. Ndisanayambe kujambula, ndimajambula wotchi ya pa foni yanga, yoonetsa ndi masekondi omwe, ndi kamera iliyonse. Pambuyo pake ndimayerekeza nthawi yooneka pachithunzipo ndi imene kamera inalemba. Ikakhala kuti inatsalira ndi mphindi 7, ndimasuntha zithunzi zonse za kamerayo ndi mphindi 7 nthawi imodzi. Mapulogalamu a zithunzi monga Lightroom Classic, digiKam ndi ExifTool onse amatha kuchita zimenezi. Mukapanda kutero pa mwambo wojambulidwa ndi makamera awiri, zithunzi zimasanjika mosemphana, anthu akutuluka asanalowe.

Ndigwiritse ntchito pulogalamu yanji? Sindingasinthe mayina zikwizikwi pamanja.

Musayese n'komwe pamanja. Lightroom Classic ndi Adobe Bridge zimasintha mayina pokopera kuchokera pa khadi, ndipo Bridge imatha kusunga dzina lakale m'kati mwa fayilo. Zaulere zilipo: digiKam ndi XnView MP zimagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo Rapid Photo Downloader inapangidwira ntchito yomweyi pa Linux. Mukakonza kalembedwe ka dzina kamodzi, pulogalamu imakumbukira.

Ine ndimakonda ExifTool, imene Phil Harvey anayamba kutulutsa mu 2003. Ilibe mabatani, mumachita kulemba lamulo, koma mzere umodzi umagwira ntchito yonse:

exiftool -d "%Y%m%d_%H%M%S_A_%%-4f%%-c.%%e" "-TestName<DateTimeOriginal" FODA

Pamene pali FODA lembani foda yanu. Mawu oti TestName akutanthauza kuti ingokuonetsani mayina akale ndi atsopano, osasintha kanthu. Mukakhutira, chotsani TestName n'kulembapo FileName. Kachidutswa ka %%-4f kamatenga manambala anayi omaliza a dzina lakale, %%-c kamawonjezera nambala ngati dzinalo lilipo kale, ndipo %%e kamasunga mchira wa fayilo monga JPG. Chimene ndimaikondera kwambiri n'choti posintha mayina siilemba pamwamba pa fayilo ina. Popanda %%-c, ikapeza kuti dzinalo lilipo, imakana.

Pulogalamu iliyonse imene mwasankha, yesani kaye pa foda yongokopera ya zithunzi khumi.

Ndimajambula RAW ndi JPEG limodzi. Pali chosamala?

Chilipo. RAW ndi fayilo ya chithunzi yosakonzedwa, mmene kamera inachitolera. Kamera imapereka dzina limodzi kwa awiriwo, pa Canon IMG_0417.CR3 ndi IMG_0417.JPG, kapena NEF pa Nikon, ARW pa Sony, RAF pa Fujifilm. Amenewa si mayina obwereza, poti michira ndi yosiyana, ndipo mapulogalamu amawazindikira kuti ndi mapasa chifukwa cha dzinalo. Mukasintha la mmodzi, sinthani la mnzake mofanana. Apa ndi pamene njira yongowerenga 1, 2, 3 imalakwitsa, chifukwa ingapatse RAW nambala 1 ndi JPEG yake nambala 2.

Palinso timafayilo toyenda ndi chithunzi. XMP imasunga zonse zimene mwakonza pa RAW. Pa iPhone pali AAE, ndiponso kakanema ka MOV ka Live Photo. Dzina la chithunzi likasintha koma la XMP n'kutsala, ntchito yanu yokonza mitundu ndi kuwala imaoneka ngati yafufutika, chonsecho fayilo ili pomwepo yasowa mwini.

Mukaona dzina loyamba ndi kamzere kam'munsi, monga _MG_0417 kapena _DSC0417, musadabwe. Lamulo la DCF limatero pa zithunzi zojambulidwa mu Adobe RGB, imodzi mwa njira zosungira mitundu. Nambala ndi yomweyo, yochokera pa mndandanda umodzi.

Ndisinthe liti mayina?

Kamodzi kokha, pa nthawi yokopera kuchokera pa khadi, musanakonze chithunzi, musanatumize kwa munthu, musanasunge kwina. Mukatero, dzinalo likhale la moyo wonse. Mukalisintha pambuyo, disiki yanu yosungirako zapadera idzaona ngati ndi fayilo yatsopano n'kusunga ziwiri, ndipo dzina limene munapatsa anthu silidzapezekanso kwa inu. Ngati zithunzi zili kale mu Lightroom kapena digiKam, sinthirani m'pulogalamu momwemo. Mukasinthira kunja, Lightroom imazisowa n'kuika chizindikiro choti fayilo sikupezeka.

Ndipo musafomate khadi mpaka mutaona kuti chiwerengero cha mafayilo pa khadi ndi pa kompyuta chikufanana, komanso zithunzizo zili m'malo awiri osiyana.

Kodi sindingasinthe dzina mu kamera momwemo?

Pa makamera ambiri akuluakulu mungathe. Nikon ndi Sony zimalola kusintha zilembo zitatu za DSC, ndipo ma Canon ena amalola kusintha zilembo zoyambirira. Mukakhala ndi makamera awiri, ina ikhale AAA ina BBB, mayina awo sadzagundananso. Koma malire a 9999 amakhalapobe.

Pali zilembo zoyenera kupewa?

Windows imakana izi: \ / : * ? " < > | ndipo n'chifukwa chake nthawi timailemba 142530 m'malo mwa 14:25:30. Mipata, chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ona zimaloledwa, koma zimavutitsa pa intaneti ndi m'malamulo olemba, choncho m'mayina a mafayilo ndimazisiya. Dziwaninso kuti pa Linux IMG_0417.JPG ndi img_0417.jpg ndi mafayilo awiri, pamene pa Windows, ndi pa Mac monga imabwerera, ndi dzina limodzi. Kukula kwa zilembo musakudalire posiyanitsa.

Nanga za m'foni ndi makanema?

Mafoni ambiri a Android amaika kale tsiku ndi nthawi m'dzina, monga 20240315_142530.jpg pa Samsung. Mafoni a Pixel amayamba ndi PXL_, koma nthawi ya m'dzinalo ndi ya UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, osati ya pa wotchi yanu. iPhone imazungulira pa 9999 ngati kamera.

Zithunzi zolandira pa WhatsApp n'zovuta. Dzina ngati IMG-20240315-WA0003.jpg limasonyeza tsiku limene chinafika m'foni, osati limene chinajambulidwa. Nambala ya WA imayambiranso tsiku lililonse pa foni iliyonse, ndipo Exif imakhala itachotsedwa. Ngati chithunzicho n'chofunika, pemphani mwini wake akutumizireni ngati dokyumenti kuti chifike chathunthu.

Makanema ndiwo amabwereza mayina kwambiri. A mtundu wa AVCHD amayamba ndi 00000.MTS, ndipo ma Sony ambiri amayamba ndi C0001.MP4, m'mafoda akunja kwa DCIM amene munthu angawaiwale pokopera. Makanema ambiri alibe DateTimeOriginal, choncho mu ExifTool mumagwiritsa ntchito CreateDate. Onani kanema mmodzi kaye, chifukwa makina ena amalemba nthawi imeneyi mu UTC.

Ndakonza chithunzi, ndachidula, ndasintha mitundu. Ndichitchule chiyani?

Sungani dzina lonse n'kuwonjezera kamchira: 20240315_142530_A_0417_v2.jpg kapena 20240315_142530_A_0417_intaneti.jpg. Chidzakhala pafupi ndi make posanja, ndipo simudzalemba pamwamba pa choyambirira.

Ndili kale ndi zaka zambiri za chipwirikiti, ma IMG_0001 ali ponseponse. Ndiyambire pati?

Choyamba koperani zonse, mmene zilili, ku disiki ina, n'kuiika padera. Musaikhudze mpaka ntchito itatha.

Kenako siyanitsani zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Pali zithunzi zosiyana zokhala ndi dzina limodzi, ndipo zonsezo muyenera kuzisunga. Palinso chithunzi chimodzi chokoperedwa kambirimbiri, mwina ndi mayina osiyana, monga IMG_0417.JPG, IMG_0417 (2).JPG ndi "IMG_0417 - Copy.JPG". Dzina silingakuuzeni kuti ichi ndi gulu liti. Kukula kwa fayilo kumathandiza koma si umboni wokwanira. Umboni weniweni ndi chidindo cha masamu chimene kompyuta imawerengera kuchokera m'kati mwa fayilo, monga SHA-256. Zidindo zikafanana, mafayilowo ndi amodzi. Mapulogalamu aulere a dupeGuru ndi Czkawka amafufuza poyerekeza zam'kati, koma muwauze kuti ayang'ane zam'kati, osati mayina. Ali ndi njira inanso yopeza zithunzi zongofanana maonekedwe. Imeneyo muziona ndi maso musanafufute, chifukwa ingaike pamodzi chithunzi chachikulu choyambirira ndi kakang'ono ka pa WhatsApp, inu n'kutaya chachikulucho.

Mukachotsa zobwereza zenizeni, sinthani mayina foda imodzi imodzi, kuyambira chaka chino kubwerera m'mbuyo, poti zatsopano ndi zimene mukuzikumbukira bwino. Pa mafayilo omwe mayina awo anawonjezedwa (2) kapena Copy, manambala anayi omaliza salinso a kamera, choncho m'lamulo lija lembani %%f m'malo mwa %%-4f kuti dzina lonse lakale lisungike. Zimene zilibe tsiku m'kati, monga zosikana ndi za pa WhatsApp, ziikeni mu foda yawoyawo, muzipatse chaka chimene mukuganizira ndi nambala, monga 1998_sikani_0001, ndipo mndandanda wa manambalawo musadzauyambirenso.